Za Nzimbe ndi Shuga wa Dziko Lathu: Mau Onenedwa pa Chikondwerero cha Jubili ku Namitambo



Akuru okonza mwambo uno anandipempha kuti ndinene za chuma cha dziko lathu, ndipo ine ndasankha kanthu kamodzi kokha, ndiko shuga. Kapena wina adzati mumtima mwache, Kodi shuga alowa bwanji m'mau a tsiku lopatulika lotere, popeza kuno ku Namitambo kulibe munda waukuru wa nzimbe, kulibenso chigayo chache? Tikumbuke chiyambi cha liu ili la Jubili. M'chilamulo cha Mose, pa Levitiko 25, chaka cha 50 chinali chaka choliza lipenga, ndipo lipengalo silinali la madyerero okha iai. Linali kuitana anthu akonze zinthu za pansi pano: munda wogulitsidwa chifukwa cha umphawi ubwerere kwa mwini wache, munthu wogwa m'ukapolo chifukwa cha mangawa amasuke, ndi nthaka yomwe ipumule. Nthaka, mangawa ndi wanchito, izi zitatu ndizo mlandu wa Jubili. Ndipo mudzaona kuti ndizonso mlandu wa shuga. Akuru akale anati, nzimbe saidyera kutalika koma kutsekemera. Chomwecho nchito ya shuga tisaiyese ndi utali wa minda yache kapena ndi unyinji wa matumba ache okha, koma tifunse ngati kuzuna kwache kufikira iye wakulima, iye wakudula, ndi iye wakugula.

Nzimbe si mbeu yachilendo kwa ife. Makolo athu anaibzala m'madimba, ana naitafuna panjira, monga achita lero lomwe. Koma kutafuna nzimbe ndi kwina, kupanga shuga ndi kwina. Pakuti nzimbe yodulidwa siidikira. Ikagona masiku awiri kapena atatu kuzuna kwache kuyamba kuchepa. Chifukwa chache munda uyenera kukhala pafupi ndi chigayo, ndipo chigayo chikayamba kuzungulira chifuna nzimbe usana ndi usiku osaleka. Pafunika matani 8 kapena 9 a nzimbe kuti paturuke tani imodzi ya shuga. Potero kuli konse anthu anapanga shuga wambiri, anafuna malo akuru ndi manja ambiri pa nthawi imodzi. Ndipo apa ndi pamene panayambira chisoni cha mbeu iyi. Ku Brazil ndi ku zisumbu za West Indies manjawo anali a akapolo otengedwa kuno ku Africa, kufikira ufumu wa Britain unamasula akapolo ache m'chaka cha 1834, ndi Brazil m'chaka cha 1888. Ku Natal, kuyambira 1860, eni minda anatenga Amwenye pa pangano la zaka. Ndipo pafupi ndi ife, kunsi kwa Zambezi, pa Mopeia, Marromeu ndi Luabo, panakula minda ya Sena Sugar Estates m'masiku aja Apwitikizi anali kugwira anthu nchito mokakamiza.

Izi si nkhani za kutari kwa ife. Ambiri okhala pano ndife zidzukulu za Alomwe amene anaoloka malire pothawa msonkho ndi nchito yokakamiza ya tsidya lija. Nafika kuno, napeza thangata pa minda ya Azungu. Mudziwa zimene zinachitika pa Magomero m'mwezi wa Januwale 1915, masiku a Mbusa John Chilembwe wa ku Mbombwe, m'boma lathu lino la Chiradzulu. Tono ife tidziwa bwino chimene munda waukuru ungathe kuchitira munthu wamng'ono, pamene palibe womnenera.

M'dziko muno woyamba kudziwika ndi nchito ya shuga ndiye John Buchanan, amene anadza ku Mishoni ya Blantyre m'chaka cha 1876 monga wosamalira munda, napita pambuyo pache ku Zomba, nabzala khofi ndi nzimbe, napanga shuga pang'ono. Koma nchitoyo siinakule. Ndipo kufikira chaka cha ufulu wathu, 1964, shuga wa m'masitolo anali wogula kunja. M'chaka cha 1965 kampani ya Lonrho inatsegula minda pa Nchalo, m'chigwa cha Shire, m'boma la Chikwawa, ndi dzina lakuti SUCOMA. Ndipo chigayo chache chinayamba kuturutsa shuga m'chaka cha 1966. Chigayo chachiwiri chinayamba m'chaka cha 1979 pa Dwangwa, m'mbali mwa nyanja, m'boma la Nkhotakota. M'chaka cha 1997 kampani ya Illovo ya ku South Africa inagula nchito ya shuga ya Lonrho. Ndipo Illovo nayo inagulidwa ndi Associated British Foods ya ku London, gawo lalikuru m'chaka cha 2006, ndi lotsala m'chaka cha 2016. Magawo ena a kampani ya kuno agulitsidwa kwa anthu pa msika wa magawo ku Blantyre, koma ochuruka ali ndi eni ache a kunja. M'chaka chomwecho cha 2016 chigayo chachitatu chinayamba ku Salima, m'mene Boma lathu liri ndi dzanja lache.

Tsono tione zokoma zimene nchito iyi yachitira dziko, pakuti munthu wosayamika sayeneranso kudandaula.

Choyamba, dziko limene linali kugula shuga kunja linasanduka lomgulitsa. Zigayo za Nchalo ndi Dwangwa zituruka ndi matani oposa 200,000 pa chaka. Wochuruka adyedwa m'dziko momwe muno. Wotsala wagulitsidwa ku maiko oyandikana nafe, ku Ulaya ndi ku America. Kwa zaka zambiri shuga ndi tiyi ndizo zinatsata fodya pobweretsa ndalama za kunja, ndizo ndalama zija dziko ligula nazo mankhwala a m'zipatala, feteleza, ndi mafuta a galimoto.

Chachiwiri, nchito. Anthu zikwi zambiri alembedwa m'minda ndi m'zigayo, ena a chaka chonse, ena a nyengo yodula yokha, kuyambira mwezi wa Epulo kufikira mvula itayandikira. Pali othirira, opalira, odula ndi zikwanje, oyendetsa mathirakitala, amisiri a zitsulo, alembi. Nchalo ndi Dwangwa yakula kukhala midzi yaikuru ya malonda, yokhala ndi sukulu ndi zipatala. Ndipo alimi eni minda yao, ogulitsa nzimbe ku chigayo, ali kudya za thukuta lao pa Kasinthula, pa Phata ndi kuzungulira Dwangwa.

Chachitatu, m'nzimbe mulibe chotaya. Zotsala zache itafinyidwa azitentha m'ng'anjo, ndipo nthunzi yache iyendetsa makina ndi kupanga magetsi. Madzi akuda olemera amene atsala shuga atauma aphikidwa kukhala ethanol, pa Dwangwa kuyambira 1982, ndi ku Chikwawa kuyambira 2004; ndipo ethanol asakanizidwa ndi petulo, kuti dziko ligule petulo wochepa kunja. Madzi akuda omwewo asakanizidwanso m'chakudya cha ng'ombe. Ndiponso kuyambira 2012 shuga wa patebulo athiridwa Vitamini A, wothandiza maso ndi matupi a ana.

Chachinai chiri pakati pathu pomwe pano. Mai wokazinga mandasi pa msika wa Namitambo, mwini nyumba ya tiyi, wophika thobwa, wogulitsa shuga woyesa ndi supuni kwa iye wosakhoza kugula paketi yathunthu: onsewa mpamba wao umangidwa pa mtengo wa shuga. Ukakwera, phindu lao lithawa. Ndi fizi ya mwana ithawa nalo pamodzi.

Koma walira mvula walira matope. Tinene tsopano za mabvuto ache, ndipo ndiyamba ndi madzi. Chigwa cha Shire chiri ndi dzuwa lambiri ndi mvula yochepa. Nzimbe ya pa Nchalo ikhala ndi moyo chifukwa cha madzi a Shire okwezedwa ndi mapampu. Mapampuwo ayenda ndi magetsi, ndipo magetsi achokera ku mtsinje womwewo, pa Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Potero madzi a nyanja akachepa, monga anachepa m'zaka za 2016 ndi 2017, magetsi athima, mapampu naima, nzimbe nifota. Madzi akachuruka, tsoka lidzera kwina. Chigumula cha Januwale 2015 ndi cha Marichi 2019 chinamiza minda ndi midzi ya kuchigwa. Namondwe Ana, m'Januwale 2022, anagumula chochinga madzi pa Kapichira, magetsi a pamenepo naleka koposa chaka. Za namondwe Freddy, m'Marichi 2023, sindiyenera kukuuzani, pakuti matope ache anakwirira abale athu pa mudzi wa Ntauchira m'boma lathu lino, ndipo misozi yathu siinaume. Madzi omwewo anatsikira kuchigwa, naononga minda, milatho ndi ngalande. M'chaka cha 2020 Boma linayamba kukumba ngalande yaikuru yochokera pa Kapichira, kuti madzi atsike okha kufikira minda ya kuchigwa popanda mapampu. Tipemphe kuti madzi ache afikire wolima chimanga monga afikira wolima nzimbe.

Bvuto lachiwiri ndilo ndalama. Nzimbe imera m'nthaka yathu, koma feteleza wache, mafuta, ndi zitsulo za chigayo zigulidwa kunja ndi ndalama za eni ache. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi magawo 25 pa 100 m'mwezi wa Meyi 2022, ndi magawo 44 pa 100 m'Novembala 2023. Ndipo nthawi zonse kwacha ikagwa, mtengo wa paketi ukwera, koma malipiro a munthu wa kumudzi sakwera nao. Mukumbuka chaka cha 2024, m'mene shuga anasowa m'masitolo, anthu naima pa mizere m'dziko lolima nzimbe. Ndipo kunamveka madandaulo akuti amalonda ena anali kumbisa, ndi ena kumuolotsa malire. Apa pali chinthu choyenera kuchilingalira mofatsa. Kuyambira 1966 kufikira 2016, ndizo zaka 50, pafupifupi shuga yense wa m'dziko muno anaturuka m'zigayo zoyendetsedwa ndi mwini mmodzi pa nthawi iri yonse. Ndipo shuga wa kunja salowa popanda chilolezo cha Boma. Mpanda umenewu uchinjiriza nchito za ana athu. Pakuti ukagwa, shuga wa mtengo wochepa wa maiko akuru angathe kutseka zigayo zathu. Komatu mpanda womwewo utsekera wogula, kuti asapeze kwina kothawira. Chifukwa chache Boma, pochinjiriza wogulitsa, likhale nalo diso lina pa wogula. Pakuti onse awiri ndiwo ana ache.

Bvuto lachitatu ndilo misika ya kunja. M'chaka cha 1975, pa pangano la ku Lomé, maiko a Ulaya analonjeza kugula shuga wa maiko ena a Africa ndi a m'zisumbu pa mtengo wokhazikika, woposa wa msika wa dziko lonse. Ndipo Malawi anali m'panganomo. Koma fodya wako ndiye ali pamphuno. Kuyambira 2006 Ulaya anatsitsa mtengowo ndi magawo 36 pa 100. M'chaka cha 2009 pangano la shuga linatha. Ndipo m'chaka cha 2017 anamasula alimi ache kuti apange shuga monga afuna, wochokera ku mbeu yao ya beet, imene isunga kuzuna kwache mu muzu. Tsono shuga wathu apikisana ndi wa Brazil ndi India, maiko opanga matani mamiliyoni ambiri. Ndipo ife tiribe gombe la nyanja yamchere, koma katundu wathu ayenda ulendo wautali kumka ku Beira kapena ku Nacala, nalipira njira asanakwere chombo.

Bvuto lachinai ndilo lija la Jubili, la nthaka ndi mangawa. Nzimbe ifuna malo abwino koposa, achinyontho ndi oyandikira madzi, ndiwo malo omwewo anthu alimapo chimanga ndi mpunga, ndi kudyetsapo ng'ombe zao. Kuzungulira Dwangwa ndi ku Chikwawa kwakhala milandu ya malo zaka zambiri, mabanja ena nanena kuti minda yao inalowa m'nzimbe iwo osabvomera. Munthu akataya munda, angakhale alandire ndalama, ndalamazo zitha, koma njala ibwera chaka ndi chaka. Za mangawa, tiphunzire pa Kasinthula. Alimi a kumeneko anayamba nzimbe chisanafike chaka cha 2000, ndi ngongole ya ndalama za kunja. Kwacha itagwa, ngongoleyo inakula yokha, iwo osakongolanso kanthu. Ndipo anasenza katunduyo zaka zambiri, nzimbe iri kubala bwino m'munda, koma phindu lochepa liri kufika kunyumba. Pa Phata, kuyambira 2011, alimi anaphatikiza minda yao kukhala munda umodzi wa chigwirizano, nalemba akatswiri ouyendetsa, nagawana phindu monga mwa ukulu wa malo a munthu ali yense. Ndipo nthaka ikhalabe yao. Taonani, mbeu ndi imodzi, mtsinje ndi umodzi, chigayo ndi chimodzi; chosiyanitsa ndicho pangano.

Ndipo tisaiwale wanchito. Iye wodula alowa m'munda wotenthedwa mbanda kucha, nakhala wakuda ndi phulusa, nawerama ndi chikwanje m'dzuwa la kuchigwa limene ife a kumapiri sitikhoza kulipirira. Nyengo ikatha, nchito yache yatha. M'ngalande muli udzudzu wa malungo ndi nkhono za likodzo. Pomwa tiyi m'mawa, tikumbuke kuti kuzunako kunadzera m'manja a munthu amene ali ndi dzina, ndi mkazi, ndi ana. Ndipo mphotho yache ikhale yakuti adye nayo ngakhale miyezi ija chigayo chiri chete.

Nanga ife a ku Namitambo tichitenji, popeza sitiri eni chigayo, sitirinso a Boma? Ndinena zisanu, ndipo ndidzakhala pansi.

Tisunge mitengo. Mvula yogwa pa mapiri a kuno, yina ipita ku nyanja ya Chilwa, yina itsikira ku Ruo, ndipo Ruo athira m'Shire pa Chiromo. Phiri lopanda mitengo liponya madzi ache onse tsiku limodzi, pamodzi ndi nthaka yathu. Ife titsala ndi miyala, ndi a kuchigwa alandira chigumula. Wobzala mtengo m'mbali mwa mtsinje athandiza munda wache, nathandizanso mbale amene sadzamuona nkhope.

Tisunge nthaka. Boma lathu la Chiradzulu ndi laling'ono, koma powerenga anthu m'chaka cha 2018 tinapezedwa oposa 350,000. Munda wa banja wachepa ngati chikhato. Akadza munthu ndi mau okoma ndi pepala, kufuna malo anu chifukwa cha mbeu iri yonse ya malonda, musafulumire kudinda chala. Itanani mfumu, itanani eni mbumba, itanani mwana wodziwa kuwerenga. Funsani kuti malowo abwerera liti, ndi kuti ngongole iwerengedwa m'ndalama yanji. Malamulo a malo a chaka cha 2016 alola kulembetsa malo a makolo. Funsani za njira yache. Ndipo mbeu ya malonda isalande malo onse a chakudya, pakuti akuru amene anaona njala ya 1949 anatiuza kuti ndalama siiphikidwa.

Tigwirizane. Mutu umodzi susenza denga. Alimi a ng'ombe za mkaka m'boma lino adziwa kale kuti munthu mmodzi ndi chigubu chache alibe mau pamaso pa wogula, koma gulu liri nao. Chimene achita alimi a nzimbe pa Phata, olima nandolo ndi phwetekere akhoza kuchichita kuno; koma chigwirizano chikhala ndi moyo pokha pokha ngati mabuku a ndalama awerengedwa poyera, ndi msungichuma aopa Mulungu.

Tiphunzitse ana. Mishoni iyi inayamba ndi kachisi ndi sukulu, ziwirizi pamodzi. Chigayo sichifuna odula okha. Chifuna oyesa nthaka, oyesa kuzuna kwa madzi a nzimbe, amisiri a magetsi, owerengera chuma, ndi odziwa malamulo amene adzakhala pansi ndi eni makampani ndi kupangana nao maso ndi maso. Mtundu wopereka manja okha udzalandira mphotho ya manja. Tipereke ndi mitu yomwe, ya ana amuna ndi ya ana akazi.

Chotsiriza, tidziyese tokha. Nkwapafupi kuloza chala kampani yaikuru iri kutari. Koma kodi waganyu wopalira m'munda mwathu timlipira tsiku lomwe tinapangana, ndi muyeso womwe tinapangana? Kodi wokongoza mnzache chimanga mwezi wa njala safuna kawiri pa masika? Ndipo shuga amene akadalowa m'phala la mwana, salowa kodi m'mbiya ya kachasu, naturuka moto wotentha mabanja? Ngakhale pa tebulo tikhale odziletsa, pakuti a chipatala atichenjeza kuti zotsekemera zopyola muyeso ziononga mano, zinenepetsa thupi, ndi kutsegulira njira nthenda ya shuga.

Abale anga okondedwa, Mulungu anatipatsa nthaka, madzi, dzuwa ndi manja. Nchito ya shuga yaonetsa kuti zinaizi zikaphatikizidwa ndi nzeru, dziko laling'ono likhoza kudzidyetsa lokha ndi kugulitsako kwa ena. Chotsala ndicho chilungamo pogawa. Inu ana amene mwakhala patsogolo apa, pa Jubili irinkudza mudzakhala inu akuru. Mudzafunse pamenepo ngati mwini munda akali nao munda wache, ngati wamangawa anamasuka, ndi ngati wanchito akhuta. Mukadzapeza ziri chomwecho, mudzalize lipenga ndi mtima wonse.

Mulungu adalitse Mishoni iyi, adalitse mafumu athu ndi Boma lathu, adalitse olima ndi odula ndi ogula, natipatse mvula ya muyeso m'nyengo yache.